Sing'anga wa Dongo pa Chilindo cha Kafumbata

Ana inu, masewera anu aja ndimawadziwa. Wina amati ine ndine wankhondo, wina amati ine ndine wamatsenga, kenaka mkangano buu, aliyense n'kumapita kwawo atatupa masaya. Mumayesa munayamba ndinu? Ayi ndithu. Mkangano umenewo ndi wakalekale, ndipo unatsala pang'ono kumuthetsera banja munthu wina wosalakwa. Khalani bwino ndikuuzeni mmene zinayendera.

Patsinde pa phiri lina la miyala ikuluikulu panali mudzi, ndipo m'mudzimo munabwera mwamuna wina dzina lake Kafumbata kudzakwatira mkazi wotchedwa Nasimango. Monga mwa mwambo wa kumeneko, anakhala pachikamwini, ndiye kuti kwawo kwa mkazi. Kafumbata sanali wamanja lende, koma anali ndi mwendo umodzi wolumala. Ali mnyamata anagwa mumtengo akufula njuchi, ndipo chigwereni ankayenda chotsimphina. Khasu ankaligwira bwino zedi, koma liwiro analibe.

Apongozi ake aakazi sanamukonde. Anamupatsa munda wa kumapeto kwenikweni, wogundana ndi phiri, kumene anyani ankatsikira. Chaka choyamba anakolola ndi anyaniwo. Chaka chachiwiri, chimanga chitangoyamba kubereka, mawu anabwera kudzera mwa Nasimango, popeza mkamwini salankhulana maso ndi maso ndi apongozi ake.

"Amayi akuti nkhokwe ikakhalanso yopanda kanthu chaka chino, munyamule khasu lanu mubwerere kwanu," anatero Nasimango, maso ali pansi. "Ine sindikufuna mupite, bambo. Koma amayi mukuwadziwa."

Kafumbata ankawadziwadi, ndipo mkazi wake ankamukonda kwambiri. Anagwira njakata. Chimanga chikamakhwima, munthu amayenera kuswera pachilindo, kansanja kofolera ndi udzu ka pakati pa munda, kuti aziingitsa anyani. Koma nyani si wopusa. Ukamangokuwa osamuthamangitsa, tsiku lachiwiri amakhala pachulu n'kumakuyang'ana uku akusenda mondokwa wako. Kafumbata ankafunika miyendo ya anthu ena, ndipo analibe mbuzi kapena nkhuku yoti awapatse. Chimene anali nacho n'pakamwa basi.

Ndiye anachita izi. Anatenga mphasa yakale n'kujambulapo ndi khala mitsinje, mapiri ndi nkhalango. Anaumba zidole za dongo zazitali ngati chala, china cha chishango, china cha mkondo, ndi zina zonenepa zimene anati ndi zimphona zimene zinaba ng'ombe za mudzi. Wosewera ankatenga chidole chimodzi n'kukhala munthu ameneyo pa ulendo wokalanda ng'ombezo. Kafumbata ndiye ankasimba zimene akumana nazo. Ankati, "Mtsinje wadzaza, ndipo kutsidya kwaima chimphona. Muchita chiyani?" Wosewera akanena chofuna kuchita, ankaponya nthanga zisanu za dzungu zodetsedwa mbali imodzi. Zoyera zikachuluka, chatheka. Zakuda zikachuluka, walephera. Aliyense ankayamba ndi nyemba khumi m'chigoba cha nkhono, ndipo akamenyedwa ankachotsa imodzi. Nyemba zikatha psiti, chidole chake chinkaphwanyidwa pamaso pa onse.

Oyamba kukopeka anali Tembenu ndi Likongwe, asuweni a Nasimango, amuna a miyendo yopepuka amene minda yawo inali pafupi ndi mudzi, kosafika anyani. Tembenu anatenga wa chishango, Likongwe wa mkondo. Koma abale, masewera aja anawagwira mtima. Ankafika mame asanaume n'kuchoka dzuwa litapendeka. Nyani akangosuzumira kumphepete kwa munda, ankadumpha pachilindo, kumuthamangitsa mpaka kumiyala, n'kubwerera ali wefuwefu akufunsa kuti, "Tinalekera pati?" Kwa masabata awiri sipanathyoke phesi ngakhale limodzi, ndipo Kafumbata anayamba kugona tulo.

Mbiri inafika kwa Chiundiza, mlongo wake wamkulu wa Nasimango. Ameneyu ndiye anali mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, ndipo mawu ake ankalemera ngakhale kwa amayi ake. Anali munthu wa thupi lake, wa mawu aakulu, wokonda kumva dzina lake likutchulidwa. Tsiku lina anangoti balamanthu pachilindo, nsanja n'kulira kwee pamene ankakwera.

"Alamu, ndamva kuti pano pali zokoma zimene mukutibisira eni mudzi."

"Palibe chobisa, alamu. Khalani apa. Ndikuumbireni wa uta kapena wa chibonga?"

"Ine ndizithamanga ndi chibonga ngati mnyamata? Ndiumbireni sing'anga. Wa nyanga, wa mchira wa nyumbu, woti akalankhula zinthu zizimvera."

Kafumbata anazengereza pang'ono, koma mkamwini angamukanire bwanji mwinimbumba, makamaka chaka choti ukwati uli pa ulusi? Anaumba sing'angayo. Anagwirizana kuti sing'anga akaphunzira mankhwala atsopano azimata kadongo pamutu pake kuti asaiwale kuchuluka kwake, popeza nzeru za mankhwala zimakhala m'mutu.

Tsiku loyamba Chiundiza anapempha mankhwala oumitsa mtsinje. Kafumbata anavomera. Mawa lake anafuna oitana njuchi kuti zilume adani. Anavomeranso. Kenaka ogonetsa tulo, kenaka osandutsa munthu kadzidzi, kenaka oitana mphezi. Nthawi zonse Kafumbata ankati akane, koma akayang'ana nkhope ya mlamu wakeyo, pakamwa pankatuluka "chabwino" pokha. Sabata isanathe, sing'anga uja anali ndi mutu ngati dzaye pa thupi ngati chala, moti anachita kumuchirikiza ndi kamtengo kuti aziima.

Ulendo unasanduka wa munthu mmodzi. Kafumbata akangoti, "Zimphona zitatu zatulukira kuseri kwa chulu," Chiundiza, chidole chake chili phee kumbuyo kwa anzake, ankangoti, "Zigone." Nthanga pansi, zimphona tulo, nkhondo yatha. Likongwe anayamba kuwodzera. Tembenu, pokhala msuweni, ankatha kumuseka Chiundiza pamaso, chifukwa chisuweni chimalola zimenezo.

"Asuweni, chishango changachi chamera bowa," anatero tsiku lina. "Tisiyireniko chimphona chimodzi, ngakhale chodwala."

"Mukanasankha nzeru, osati chikumba cha ng'ombe," anayankha Chiundiza akuseka chikhakhali.

Likongwe anali wosalankhulalankhula. Anangoimirira n'kusasa fumbi kumbuyo. "Achimwene Kafumbata, musatiyese oipa. Ife tinkabwerera nkhondo, osati kudzaombera munthu m'manja." Anatsika onse awiri, ndipo mawa lake sanabwere.

Anyani sanachedwe kuzindikira kuti a miyendo aja achoka. Tsiku lachitatu anatsika gulu lonse. Chiundiza anaimirira pansanja n'kukuwa ndi mawu ake aakulu aja, koma anyani, mwatsoka, sanauzidwe kuti akulankhulayo ndi sing'anga. Kafumbata anatsimphina kupita kumeneko ndi miyala m'manja, ndipo pamene ankafika anapeza ngodya yonse ya kumtunda ili mapesi okhaokha. Anaima pakati pa makoko a chimanga chake, misozi ili lengelenge. Anachita mantha, mantha enieni, chifukwa masiku ena asanu otere akanamumaliza.

Atabwerera pachilindo analimba mtima. "Alamu, bwanji titapungulako dongo pang'ono pamutupo, kuti anzathu aja abwerere?"

Nkhope ya Chiundiza inasintha. "Chimene wapatsa munthu sulanda, alamu. Kapena n'zoona zimene amanena amayi, kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka?"

Kafumbata anaisiyira pomwepo nkhaniyo. Kulanda mankhwala kunali kudzichotsa yekha pamudzi, kuwasiya kunali kupereka munda kwa anyani.

Mawa lake anyani anabweranso, ndipo Kafumbata ndi Chiundiza ankawagenda ali pansanja pomwepo. Apa m'pamene Kafumbata anaona kanthu. Anyani analipo oposa makumi awiri, koma miyala yonse ya Chiundiza inkapita kwa mmodzi yekha, chinyani chachimuna cha mutu waukulu chimene chinkatsogolera.

"Alamu, bwanji mukungogenda chomwecho, ena onsewa alipo?"

"Funso lanji limenelo? Wamkulu ndiye amaonekera. Tating'onoto timabisala m'chimanga, koma chimutu icho chibisala pati? Ndipo ukagwetsa wamkulu, onse athawa."

"Ndiye kuti aliyense wanzeru amayamba ndi wamkulu?"

"Ngakhale chitsiru chimadziwa zimenezo."

"Zikomo kwambiri, alamu," anatero Kafumbata, n'kuomba m'manja mwaulemu. Chiundiza anamuyang'ana modabwa, osadziwa kuti akuthokozedwa chifukwa chiyani.

Masana omwewo Kafumbata anatuma mkazi wake kwa asuweni aja. Poyamba asuweniwo anakana. Nasimango anati, "Akuti mawa ndi tsiku lofika kuphanga la mfumu ya zimphona. Akuti chishango ndi mkondo zikakhalanso opanda ntchito, musadzapondenso kumunda kwathu, ndipo sadzakudandaulirani. Asuweni, ndi banja langa limene likupita. Bwerani kamodzi kokha." Anayang'anana, n'kuvomera.

M'mawa mwake onse anasonkhana, ndi Nasimango yemwe, amene anabwera ndi chipanda cha thobwa n'kukhala pambali. Anapeza Kafumbata atazika timapesi ta udzu m'mipata ya mphasa, kutsogolo kwa mwala umene unali phanga.

"Mwafika m'dambo la tsekera," anayamba Kafumbata. "Ng'ombe zanu zikulira m'phangamo. Pakhomo paima mfumu ya zimphona, khungu lake ndi mwala, mkondo sulowa. Pamodzi nayo pali zimphona zinayi. Zida zilibe. Zimamenya ndi nkhonya. Ikani anthu anu m'tsekeramo."

Tembenu ndi Likongwe anaika zidole zawo, ndipo zinabisika bwinobwino. Chiundiza anaika chake kumbuyo monga mwa masiku onse. Thupi linabisika, koma chimutu chija chinangoti tumphu pamwamba pa udzu.

"Zigone," anatero Chiundiza.

"Zimphona nazo zili ndi nzeru, alamu. Zija munazigoneka zija zinadzuka n'kukauza zinzake. Izi zatseka makutu ndi phula."

"Njuchi, ndiye."

"Zasonkha moto wa utsi pakhomo. Njuchi zabwerera."

Chiundiza anaseka. "Chabwino. Mphezi."

"Mphezi ndiyo ingang'ambe khungu la mfumuyo, ndipo woitana ndinu nokha. Koma lero kumwamba kuli ngwee. Mitambo ili kutali, muyenera kuiitana katatu, nthanga zikuvomerani katatu konse."

"Ngakhale kakhumi," anatero Chiundiza. Anaponya, zoyera zinachuluka, mtambo woyamba unabwera.

Kenaka inafika nthawi ya zimphona. Kafumbata anatenga zinayi zonse, kuzilambalalitsa wa chishango ndi wa mkondo ngati palibe munthu, n'kuziimika mozungulira sing'anga. Anaponya nthanga kanayi, ndipo katatu nkhonya zinafika. "Chotsani nyemba zitatu, alamu."

Chibwerereni, Chiundiza anali asanachotsepo nyemba ngakhale imodzi. "Iyayi, pali chinyengo apa. Bwanji zalumpha awa?"

"Awa sakuoneka. Komanso munandiphunzitsa nokha dzulo, alamu, kuti wamkulu ndiye amaonekera, ndipo ngakhale chitsiru chimayamba ndi wamkulu. Ine ndangotsata nzeru zanu."

Tembenu anabisa nkhope m'chipanda cha thobwa. Chiundiza anachotsa nyemba zitatuzo. Mawu anali ake, akanawakana bwanji? Anaponyera mtambo wachiwiri, zakuda zinachuluka. Zimphona zinamenyanso, nyemba zina ziwiri zinapita.

"Ndilewa," anatero, thukuta litayamba. "Nkhonya ikabwera ndilewa."

"N'zololedwa. Pendamitsani munthu wanuyo tione mmene alewere."

Chiundiza anagwira chidole n'kuchipendamitsa pang'ono chabe. Kamtengo kochirikiza kaja kanaterereka, mutu unakoka thupi, sing'anga anangoti khu, chafufumimba pamphasa. Likongwe, amene sankaseka wamba, anaseka mpaka kutsokomola. Pamene sing'anga ankadzuka, nkhonya zina ziwiri zinali zitamupeza. M'chigoba munatsala nyemba zitatu.

Tsopano zinthu zinafika pothina, ndipo Kafumbata sankafuna kuti mlamu wake aphwanyidwe. Chidolecho chikanaphwanyika, Chiundiza akanatsika ali wolusa, ndipo zonse zikanathera pomwepo. Kafumbata anangofunsa mofatsa kuti, "Tembenu, Likongwe, nthawi ndi yanu. Muchita chiyani?"

"Tikupuma m'tsekera muno," anatero Tembenu atapinda manja. "Kuli kamphepo kabwino."

Chiundiza anayang'ana nyemba zake, anayang'ana chimutu chimene anachimata yekha tsiku ndi tsiku. Kenaka anati, ndi mawu aang'ono amene palibe anali atawamvapo, "Asuweni, chishango chija."

"Chiti? Cha bowa chija?"

"Palani bowayo, chonde. Ndinalakwa. Popanda inu mitambo iyi sifika, ndipo ng'ombe zathu sitiziona."

Tembenu anamuyang'ana kanthawi. Kenaka anatambasula manja, kunyamula chidole chake, n'kuchiimika kutsogolo kwa sing'anga. "Nkhonya iliyonse yopita kwa mkulu uyu iyambe yadzera kwa ine."

"Ine ndibaya m'mawondo," anatero Likongwe, tulo tonse titabalalika.

Ana inu, nkhondo ya tsiku limenelo anthu anaisimba zaka zambiri. Tembenu analandira nkhonya pachishango, zina zinatchingika, zina zinamufika, nyemba zake zikutsika, zisanu ndi zitatu, zisanu, zinayi. Likongwe anagwetsa chimphona choyamba, kenaka chachiwiri. Chiundiza, ali kuseri kwa chishango, anaitana mtambo wachiwiri ndipo unabwera. Wachitatu unakana. Nkhonya ziwiri zinadzera m'mbali n'kumupeza, anatsala ndi nyemba imodzi yokha, Tembenu ziwiri. Likongwe anagwetsa zimphona zotsala zija. Pamenepo mfumu inachoka pakhomo la phanga, ikubwera yokha.

Chiundiza anafumbata nthanga, anazipemerera ngati mwana, n'kuponya. Zoyera zinayi.

"Kwachita mdima," anatero Kafumbata. "Mphezi yatsika, yamenya mfumu pachifuwa, mwala wang'ambika mng'alu. Koma sinagwe. Yakweza nkhonya, ndipo ikuyang'ana mutu womwewo. Sing'anga watha mphamvu. Likongwe, mng'alu uli pamaso pako."

Likongwe anapukuta manja pansalu yake n'kuponya. Ziwiri zinagwa zoyera, ziwiri zakuda. Yachisanu inagubuduka n'kukalowa mumpata wa mphasa, n'kuima cham'mbali. Nasimango anasendera pafupi, Chiundiza anagwira phewa la Tembenu. Nsanja inagwedezeka pang'ono ndi kulemera kwake, nthanga ija inapendama, n'kugona yoyera.

Kafumbata anatenga mfumu ya zimphona n'kuiphwanya pamwala, phwa. Nasimango anaimba nthungululu imene inamveka mpaka kumudzi. Amuna akuluakulu atatu anavina pansanja mpaka udzu wa denga unayamba kugwa. Ndipo anyani atayesa kutsika dzuwa lili paliwombo, anakumana ndi Tembenu ndi Likongwe akubwera ngati mphepo, kumbuyo kwawo Chiundiza yemwe akuthamanga, mimba ikugwedezeka, akukuwa mayina a asuweni ake m'malo mwa lake.

Kuyambira tsiku limenelo palibe anajomba pachilindo. Sing'anga anakhalabe ndi mankhwala ake onse, koma Chiundiza ankaganiza kawiri asanapemphe dongo lina, ndipo sankasuntha osafunsa kuti chishango chili kuti. Chimanga chinauma, anakolola, nkhokwe inadzaza mpaka anachita kuluka ina yaing'ono.

Koma apongozi ndi apongozi. Anabwera kudzaona nkhokwe zija, Kafumbata atapatuka n'kunjuta kuseri kwa nyumba monga mwa ulemu. Anayang'ana yaikulu, anayang'ana yaing'ono, n'kuyamba. "Ndamva kuti ngodya yonse ya kumtunda inadyedwa iye ali chikhalire kusewera ndi matope. Munthu wotere ndi wosunga? Chaka chino wachita mwayi. Apite ndithu."

Nasimango anayamba kulira. Pamenepo Chiundiza anadzuka n'kukaima pakati pa amayi ake ndi nyumbayo.

"Amayi, ngodya imeneyo ndinadyetsa ndine. Ndine ndinathamangitsa olinda chifukwa cha kudzikonda kwanga. Chimene chili m'nkhokwemu anapulumutsa ndi alamu. Ngati pali woti mumukalipire, ndili pano. Koma munthu uyu sachoka, mbumba ino woyang'anira ndine."

Mayi aja anatembenuzira moto wonse kwa mwana wawo. Anamunena za ulesi, za mimba, za mbuzi imene anataya ali mwana, mpaka mudzi wonse unatuluka kudzamvera. Chiundiza anangoima, mutu uli pansi, osathawa. Mawu atawathera, mayiwo anakokera nsalu paphewa n'kunena kuti, "Chabwino, akhale. Koma denga la nkhokwe yaing'onoyo lapendama." Anapita, ndipo nkhani yochoka sinamvekenso. Kafumbata anakalambira pamudzi pomwepo ndi Nasimango wake.

Anthu atabalalika, Nasimango anafunsa mlongo wake kuti, "Achimwene, mukanakhala chete palibe akanadziwa. Bwanji munadziika pamoto?"

Chiundiza anapukuta thukuta n'kuseka. "Mlongo wanga, ndinaziona pamphasa paja. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Tembenu anawamva mawuwo n'kukawabwereza pamowa, ndipo kuchokera pamenepo anafalikira dziko lonse, mpaka lero timati mutu ukakula sulewa nkhonya. Tanthauzo lake ndi ili. Ukakhala wamkulu, kaya ndiwe woyamba kubadwa pakhomo, kaya wakusankha kutsogolera anzako, kaya uli ndi luso loposa ena, mavuto amayamba kupeza iwe. Chikalakwika amafunsa iwe, mlandu ukabwera umafikira pa iwe, ndipo kubisala sungathe chifukwa aliyense akukuona. Choncho musamasirire ukulu ngati kuti ndi ulemu wokhawokha. Mukaufuna, muufune ndi nkhonya zake zomwe, ndipo zikabwera muime nji m'malo mokankhira ang'onoang'ono kutsogolo. Komanso pamene mutu ukukula, muziwasunga bwino anzanu amene mukuwaona ngati opanda ntchito. Tsiku la nkhonya likafika, oima patsogolo panu adzakhala omwewo.